Timadzuwa ta Oddvar

Oddvar Nesheim sayang'ana munthu kumaso. Amayang'ana pomwe munthuyo waponda. Si ulemu ayi, ndi ntchito. Wakhala akuyala makapeti m'sitima za kampani yathu kuno ku Bergen kwa zaka pafupifupi makumi anayi, ndipo mawondo ake anauma ngati buledi wadzana. Ine ndine Gunnvor, ndimasoka makatani ndi nsalu za mipando m'shedi ya kampani momwe nayenso amagwirira ntchito, choncho mkulu ameneyu ndimamudziwa mpaka katsokomoledwe kake.

Kampani yathu ili ndi sitima zinayi zoyenda ndi alendo, zonse za mayina a akazi. Kunja n'zofanana ngati ana a mimba imodzi, koma ukalowa m'kati ndi maiko anayi. Havdis ndi yabuluu kuyambira pansi mpaka kudenga, nsomba pakapeti, nsomba pamakatani, moti ukamadya nsomba m'menemo umachita manyazi. Tordis ndi nkhalango yeniyeni, zonse zobiriwira, mipando ya matabwa oyera. Ingeborg ndi yofiira, ya matabwa akuda, ndipo ngakhale ana opulupudza akalowamo amayamba kunong'ona ngati afika m'tchalitchi. Alipo alendo ena amene amakwera zonse zinayi n'kumakangana chaka chathunthu kuti yabwino ndi iti. Anzathu ophika ndi okonza m'zipinda, amene amasinthidwasinthidwa, akadzuka m'mawa amayamba ayang'ana pansi kuti adziwe kumene ali.

Ndiye pali Solrun. Imeneyi ndi ya chikasu ndi mtundu wa lalanje, nyali zamkuwa, ndipo m'chipinda chovinira munali kapeti wa timadzuwa, kalikonse kukula ngati mbale. Oddvar anamuyala koyamba ali mnyamata wa tsitsi lake lonse. Akatha, fakitale inkaluka wina wofanana, iye n'kukayalanso. Mkazi wake Magnhild anamupeza m'chipinda chomwecho. Magnhild ankaperekera zakudya, ndipo tsiku lina atanyamula thireyi ya khofi anaponda dzanja la munthu amene anagwada pansi. Anapepesa kamodzi, Oddvar anapepesa katatu, ukwati unayambira pamenepo.

Zaka zitatu zapitazo Magnhild anayamba kuiwala. Poyamba anali makiyi, kenaka mayina a adzukulu. Kenaka anayamba kumuthokoza Oddvar mwaulemu akamupatsa tiyi. "Zikomo kwambiri, bambo inu," amatero, ngati akuyankhula ndi munthu wa m'basi. Oddvar sanadandaulepo kwa ife, koma buledi wake wa tchizi ankabwerera naye kunyumba osamuluma. Mu Meyi chaka chatha anamutenga mkaziyo pa Solrun, ulendo waufupi wa ku Ålesund. Atalowa m'chipinda chovinira, Magnhild anayang'ana pansi, anayang'ana mwamuna wake, n'kutchula dzina lake. Inali nthawi yoyamba m'miyezi isanu ndi iwiri. Oddvar anabwerako akuyenda ngati mawondo ndi atsopano, ndipo anayamba kale kuwerenga miyezi kuti Meyi wina afike.

Mu Novembala munabwera m'shedi Sissel, mtsikana amene kampani inamulemba kuti aziyang'anira zokongoletsa. Anaika kansalu patebulo panga.

"Solrun ikulowa m'doko mu Januwale, tisintha zonse zam'kati," anatero. "Mtundu uwu amautcha mwala wonyowa."

"Ndiye kuti ndi wotuwa," ndinatero ine.

"Ndi wodekha, a Gunnvor."

"Phulusanso n'lodekha, mwanawe."

Ndisamunamizire, Sissel si woipa. Sitima zitatu zinazo sanazikhudze. Koma alendo ankadandaula kuti nyanja ikawinduka timadzuwa timawazungulira m'maso mpaka nseru, komanso fakitale ija inali itasiya kuluka mtunduwo. Oddvar anangomvetsera, maso pansi monga mwa masiku onse.

"Kapeti wakaleyo mupita naye kuti?" anafunsa.

"Kudzala. Ngati mukumufuna tengani, a Oddvar."

Sissel ankayesa wapereka chinthu chapafupi. Kapeti wa m'sitima sakhala ngati wa m'nyumba woti n'kumupinda n'kumuika paphewa. Amamatidwa ndi guluu ponseponse kuti asasunthe sitima ikamapendama, ndipo pomuchotsa timalowetsa makina amene amamung'amba timizere tating'ono ngati chikhatho. Ndi theka la tsiku basi, koma chotsala n'zinyalala. Oddvar ankamufuna wathunthu, ndiye kuti wochotsa ndi manja.

"Masiku awiri," anatero Sissel atamva chifukwa chake. Maso anali atafiira, koma pepala la ntchito sanalisiye. "Lachitatu m'mawa opaka penti akulowa. Chimene chidzatsale ndi cha makina."

Januwale anafika ndi mvula yake. Solrun inakhala pazitsulo m'doko lopopedwa madzi, m'kati mukuzizira ngati m'firiji. Ndinapita kukachotsa makatani akale n'kumupeza Oddvar chogwada, dzanja lina kachipangizo kouzira mpweya wotentha kofewetsera guluu, lina mpeni waphanthiphanthi, akusenda pang'onopang'ono.

"Iwe, pa liwiro limeneli udzamaliza ine nditaikidwa m'manda," ndinatero.

"Ndiye ndidzakuyalira kachidutswa pamwamba."

"Wandiyalira ndani chinthu chonunkha mowa chimenecho?"

"Usaponde pamenepo, mayi iwe! Ukuponda dzuwa."

Ndimamudziwa bwino Oddvar. Guluu amene ankalimbana nayeyo anapaka yekha zaka khumi ndi chimodzi zapitazo, ndipo anapaka mosaumira, monyadira kuti kapeti wake sadzamatuka mpaka kalekale. Tsopano ankadzitukwana yekha pa mzere uliwonse. Ndinaseka mpaka nthiti kuwawa, koma pena ndinkatembenukira kumakatani kuti asandione nkhope, chifukwa zinkandimvetsa chisoni.

Pofika Lachitatu m'mawa anali atachotsa zidutswa khumi ndi zinayi, chilichonse kukula ngati chitseko, zina zong'ambika m'mbali. Zala zake zinali matuza okhaokha. Makina analowa nthawi yake, ndipo iye anatuluka osacheuka.

Ntchito yotsala inagwera ine, ngakhale palibe anandifunsa ngati ndikufuna. Titachapa zidutswazo katatu, ndinayesa kuzilumikiza pamakina anga, singano zinayi n'kuthyoka. Ndinatenga singano yosokera matanga a ngalawa n'kuyamba ndi manja. Oddvar anaima pambali panga ngati kapitawo.

"Theka ili silikukumana ndi linzake. Dzuwa laoneka ngati dzira."

"Magnhild sakaona zimenezo."

"Akaona. Masula."

Ndinamasula, ndikung'ung'udza. Zinatitengera masabata awiri.

Tinakamuyala pabalaza pawo ku Laksevåg tsiku Lachisanu, Magnhild ali kumalo kumene amakacheza masana ndi anzake odwala ngati iye. Pabalazapo ndi papang'ono, makoma oyera, ndiye kapeti atangogona chipinda chonse chinayaka ngati mwalowa moto. Oddvar anabweza mipando, anapesa tsitsi lotsalalo, n'kuvala malaya oyera. Ine ndinatenga chikwama kuti ndizipita.

"Khala kaye," anatero. "Ndikuopa."

Ndinakhala. Kunena zoona nanenso mtima unali m'mwamba. Nanga akangodutsa osaona kanthu, mkulu ameneyu tikamutola bwanji?

Itakwana 3 koloko kagalimoto kanamutsitsa Magnhild. Oddvar anamuvula jasi pakhomo, iye n'kuthokoza mwaulemu monga mwa nthawi zonse. Anafika pakhomo la pabalaza n'kuima. Anayang'ana pansi nthawi yaitali. Kenaka anagwira m'chiuno.

"Oddvar! Iwe Oddvar Nesheim, mutu wako ukuyenda bwino?"

Oddvar anagwira chitseko.

"Zaka makumi awiri ndakhala ndikuyang'ana chonyansa chimenechi kuntchito mpaka maso kuwawa, lero wandibweretsera m'nyumba mwanga?"

"Ndimayesa umamukonda," anatero Oddvar.

"Ndinakonda iweyo, chitsiru. Kapetiyu ndinkangomupirira. Nawenso Gunnvor, mzimayi wamkulu, wangokhala apo kumamuonerera? Mumuchotse mawa lomwe."

"Ndimuchotsa mawa," anatero Oddvar. Misozi inali ikutsikira m'malaya oyera aja, koma pakamwa pali mwee.

Solrun inatuluka m'doko ili yotuwa. Alendo ena akuti yakongola, ena akuti yafanana ndi chipinda chodikirira dokotala wa mano, ndipo mkangano wa iti yabwino ukupitirira monga kale. Kapeti wa ku Laksevåg sanachotsedwe. Sikuti amagwira ntchito tsiku lililonse. Masiku ambiri Magnhild amangoyenda pamwamba pake n'kukakhala pawindo, mwamuna wake n'kukhalanso "bambo inu". Oddvar amadziwa kuti masiku otere azichuluka, ndipo sitikambirana zimenezo.

Lolemba lapitali analowa m'shedi akuimba mluzu, anakhala pabenchi n'kudya buledi wake yense, nyenyeswa zomwe.

"Kwagwanji?" ndinamufunsa.

"Magnhild wandilalatira kawiri sabata yathayi," anatero. "Dzulo mpaka anati andisiya ukwati."