Phiri la Rungwe pa Foni Yanga

Nditatumizidwa ku Misuku ngati namwino, ndinkachita lendi kwa mayi ena olima khofi. Kunja kukayera, tinkaona phiri la Rungwe la ku Tanzania tili pakhonde, ndipo anthu ankati m'mimba mwake muli moto.

Tsiku lina m'mawa nthaka inagwedezeka pang'ono, makapu n'kuwombana m'kabati. Pofika masana, pamsika ponse panali patamveka kuti phirilo latsala pang'ono kuphulika. Mayi aja ananditsatira kuchipatala nkhope ili yakugwa. Mwana wa mchemwali wawo ankakwatiwa Loweruka la sabata lomwelo ku Tukuyu, m'munsi mwa phirilo, ndipo diresi anali atasoketsa kale.

"A nesi, mwana wanu uja si paja amaphunzira za mapiri?"

Ankanena mwana wanga wamkazi, yemwe anali ku yunivesite kunja kwa dziko. Ntchito yake inali kuunika zithunzi za setilaiti zoonetsa mpweya wotuluka m'mapiri a moto. Ine ndinkangouza anthu kuti amaphunzira za mapiri, chifukwa zinazo zinkandivuta kufotokoza.

Tinakwera kachitunda komwe netiweki imagwira, n'kumuimbira. Posakhalitsa anatumiza mapu obiriwira okhala ndi kadontho kofiira chakumtunda.

Mayi aja anagwira pachifuwa. "Ndife amenewa?"

"Ayi mama, kumeneko ndi ku Congo, kutali kwambiri," anatero mwana wanga. "Phiri la kumeneko limatulutsa mpweya wa salufa, uja umanunkha mukayatsa machesi, ndiye makina ali m'mwamba amauona akamadutsa masana. Pa Rungwe sanaone kanthu."

"Ndiye siliphulika?"

"Makinawo si mneneri, mama, amangonena za lero. Koma ndiziyang'ana tsiku lililonse. Zikasintha ndikuimbirani."

Mayi aja anayang'ana kumwamba.

"Nanga munda wanga wa khofi amauonanso?"

"Amenewa ndi a mpweya wokha."

"Bola, chifukwa sindinalambule."

Tinaseka mpaka kutsika kachitunda kaja. Lachisanu mayi aja ananyamuka pa njinga yamoto, diresi lili m'jumbo kuopa fumbi. Anabwerako Lolemba mawu atasasa ndi kuimba, atanyamula mkoko wa nthochi woti ndipatse mwana wanga. Nditawakumbutsa kuti mwanayo ali kutsidya kwa nyanja, anati palibe vuto. Tinaphika nthochizo ndi nyama ya ng'ombe, tinadya tokha pakhonde, iyeyo tinangomutumizira chithunzi cha mbale.