Kansalu koyera kamene ndinapinda nkhata

Bambo athu anali ocheka matabwa ku Chikangawa, ngakhale kwathu kwenikweni ndi ku Mulanje kumene ine ndinangopondako kawiri. Atamwalira, mayi anawatsatira chaka chisanathe. Ndinatsala ndi mlongo wanga, mnyamata wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ine ndili wamkulu ndi zaka zisanu ndi chimodzi zokha. Tinatsikira ku Mzimba boma, ndinapeza kachipinda ka lendi n'kuyamba kugulitsa nthochi pa depoti.

Mlongo wangayo sukulu anaisiya. Ankanyamula katundu wa anthu otsika basi, ndipo kalikonse kamene wapeza kankathera ku kachasu. Ine ndine wapakamwa, sindibisa. Ndinakalipa mpaka mawu kusasa, koma ndinkangoimbira mbuzi gitala.

Amene anamugwira ndi bambo wina wachikulire, mphunzitsi wopuma, amene ankasonkhanitsa ana amasiye ndi ena ovutika pabwalo la kuseri kwa tchalitchi, n'kumawaphunzitsa gule wa ingoma Lachitatu ndi Loweruka masana. Asanakupatse chishango ndi chibonga, ankati upume kumaso kwake. Wonunkha mowa ankakhala pansi n'kumaonerera anzake. Mlongo wanga anakhala pansipo milungu itatu. Mlungu wachinayi anapita m'maso muli gwa, ndipo anabwerako mapazi ali fumbi lokhalokha, akuseka. Chimwalirireni mayi ndinali ndisanaone mano ake.

Anayamba kudya, kusamba, ngakhale kukamba zobwerera ku sukulu. Anyamata a pa depoti ankamunyengerera za ku Joni, iye n'kumati sangasiye gulu. Ndinkamuseka kuti, "Mlomwe wa kuti wovala zikopa?" Iye ankaponda pansi mwamphamvu mpaka mbale kulira pa thandala.

Kenaka kunabwera tsiku loti anawo avine pamaso pa anthu koyamba. Dzulo lake, mkazi wa aphunzitsi aja anandipeza pa depoti n'kundipatsa kansalu koyera kopinda bwino.

"Tengani aka, mwana wane. Mawa mubwere nako, mbwenu mukhale kutsogolo."

"Yewo chomene, amama," ndinayankha. Sindinafunse kuti n'kachiyani. Iwonso sanaganize kuti pali munthu wokulira kuno amene sangadziwe.

Mawa lake ndinaona kuti pabwalo padzakhala anthu ambiri, nthochi zikhoza kuyenda. Kansalu kaja ndinakapinda nkhata, ndinasenza beseni, ulendo.

Ingoma ilibe ng'oma. Amayi amaimba n'kumaomba m'manja, amuna amaponda, nthaka n'kumayankha. Anawo analowa mu mzere, ndipo mlongo wanga anali wachitatu, nthenga kumutu, thukuta likuyenderera. Ndili m'kati mosinthana chenji ndi wogula, ndinaona mayi wina akuthamangira m'bwalo ndi nthungululu, n'kupukuta nkhope ya mnyamata woyamba ndi kansalu. Wina anatsatira, kenaka gogo wina wotsimphina. Ine ndinkayesa kuti ndi amayi a gulu osankhidwiratu, ntchito yawo. Sindinadziwe kuti wopukuta wovina ndi wake: mayi, azakhali, mlongo, aliyense wofuna kuonetsa anthu kuti mwana uyu ali ndi mwini.

Onse anapukutidwa, kupatula mmodzi. Ndinamuona akuponda, maso akuyendayenda m'khamu, thukuta likulowa m'maso. Anandipeza. Ndinamukwezera dzanja, ndikumwetulira ngati chitsiru, kansalu kali pamutu pansi pa nthochi. Mkazi wa aphunzitsi anali atamuuza kuti ndibwera, ndiye iwonso ankandidikira. Pamene anazindikira kuti sindikulowa m'bwalo n'kunyamuka okha, nyimbo inali ikutha.

Kunyumba sanakalipe. Bola akanakalipa.

"Achemwali, kansalu kaja munapatsidwa?"

"Eya, si aka. Kandithandiza bwanji, beseni limalemera."

Anakayang'ana nthawi yaitali. "Anzanga aja ndi amasiye ngati ine," anatero, "koma ali ndi kwawo."

Tanthauzo lake ndinalimva Lolemba kwa mkazi wa aphunzitsi aja, ndipo ndinalira pa depoti pomwepo, anthu akuona. Ndinamupepesa. Anati palibe kanthu. Ku bwalo anapitanso kawiri kokha. Aphunzitsi anabwera okha kunyumba ndi chishango chake m'manja, anamudikira mpaka dzuwa kupendeka, iye osaoneka. Mwezi usanathe, wina anandiuza kuti amuona pa Jenda akukwera galimoto ya opita ku Joni. Anaimba foni kawiri. Ichi ndi chaka chachisanu ndisanamvenso mawu ake.

Anthu amanditonthoza kuti anyamata a kuno amapita ku Joni ndi kale, kansalu sikangathamangitse munthu. Mwina n'zoona. Koma ine ndinaona maso aja akundifuna.

Aphunzitsi anakalamba, gulu akuliyendetsa ndi ana omwe aja a tsiku lija. Tsiku lovina sindigulitsa nthochi. Ndimakhala kutsogolo ndi kansalu komwe kaja, n'kumayang'ana mwana amene maso ake akuyendayenda. Ndikamuona sindidikira. Nthungululu sindiitha mpaka pano, imatuluka ngati nkhuku yotsamwa, ndipo amayi anzanga amandiseka. Ndimathamangabe, n'kupukuta.

Mwezi watha kamnyamata kena kamene ndinakapukuta kanandifunsa titatha kuti, "Amama, kasi ndimwe anjani wane?" Kankafuna kudziwa chibale chathu. Ndinakauza kuti ndine mlongo wa munthu wina amene ankaima wachitatu mu mzere.