Mwana Wosakweza Maso

Natércia anabadwira ku Dedza, kumene makolo ake anathawira nkhondo, ndipo analowa m'Angónia ali kumsana. Bambo ake, a Josias, anabwerako ndi khasu, mphasa ziwiri ndi lamulo limodzi: wovala yunifolomu sayankhidwa, wamkulu sayang'anidwa m'maso. Ankati ndi chimene chinawasunga amoyo. Natércia analekeza sukulu panjira, nayamba kulima kachewere cha ku Fonte Boa, ndipo mwana wake woyamba, Artur, anamulera ndi lamulo lomwelo. Anthu ankayamikira: "Mwana wanu ngwaulemu, amake Artur. Akamalankhula amayang'ana zala zakuphazi."

Zaka ziwiri zapitazo, Loweruka m'mawa, pamsika pomwe Natércia amagulitsa panasowa foni ya wamalonda wina. Artur, wa zaka khumi ndi zitatu koma wamtali ngati nsungwi, anali atangotula thumba la amake pafupi ndi katundu wa munthuyo. Apolisi anamutenga.

Natércia anatsatira mpaka pakhomo la polisiya.

"Dikirani panja, mayi," anatero wapolisi.

Anadikira patsinde pa bulugamu, khanda lake Vânia lili kumsana, dzuwa n'kufika pamutu, n'kupendeka. Kawiri konse anaimirira kuti alowe, kawiri konse mawu a bambo ake anamukhazika pansi. Pazenera pankatuluka mawu aukali, tebulo likumenyedwa, kenako kamawu kakang'ono ka Artur: "Inde, shefi."

A Eugénio, apolofesolo a Artur, aphunzitsi ake akusukulu, anamva nkhaniyo kwa amayi apamsika n'kuthamangira komweko panjinga.

"Mwalowamo?"

"Andiuza kuti ndidikire."

"Iii, amake Artur! Chidikirire m'mawa? Sedula ya mwana ili kuti?"

Chikalata chobadwiracho chinali m'kachikwama ka Natércia. Wokhala kumalire sayenda popanda mapepala. Analowa onse awiri.

Wapolisi anawaonetsa pepala la Chipwitikizi, dzina la Artur lili pansi. "Wavomera yekha. Taonani, ngakhale kundiyang'ana akulephera. Wosalakwa amatero?"

A Eugénio anatsegula sedula. "Werengani chakachi, shefi. Wosakwana zaka khumi ndi zisanu n'chimodzi sazengedwa mlandu ngati wamkulu. Ndipo chivomerezo chochita kufinya ndi mantha lamulo silichiwerengera."

"Kutalika konseku? Kodi mumamuthira adubu, feteleza uja, ngati chimanga?" Wapolisiyo anaseka, koma pepala lija analikankhira pansi pa buku. "Mutengeni."

Panjira Natércia anafunsa Artur.

"Unatengadi?"

"Ayi, amayi."

"Nanga unavomereranji, mwanawe?"

"Anati ndikakana atsekera inu, Vânia agone ndi njala. Komanso munati wamkulu sakanidwa."

Natércia anangomanganso chitenje chomwe sichinamasuke.

Foniyo sinapezeke, ndipo kumsika dzina la mbava linamumatirira Artur ngati chisoso. Saperekezanso amake. Galimoto ikaima pamsewu, amasiya khasu n'kulowa m'chimanga, osatuluka mpaka itapita. A Eugénio akuti m'kalasi anasiya kukweza mkono.

Natércia akulimabe kachewere wake. Vânia tsopano akuyenda, akulankhula. Pomusambitsa, amake amamugwira chibwano n'kumukweza nkhope.

"Ndiyang'ane. Nena kuti: Ayi, itanani amayi."

Kamwanako kamaseka, kuyesa ndi masewera, n'kumenya madzi ndi manja. Artur amamvetsera ali pakhonde, maso ali pansi.