Udzu wa pamwamba pa chitsime ku Tsangano

Ntchito yanga yoyamba sindinaipeze chifukwa chokhoza kuposa anzanga. Nditamaliza maphunziro a zomangamanga ku Tete, nkhondo ili pakati, kunamveka kuti ku Tsangano kukufunika woyang'anira ntchito yomanga kachipatala. Amuna amene ndinaphunzira nawo anapeza zifukwa zokanira. Ine ndinavomera, ndipo ndinapita pa koluna, magalimoto oyenda mondondozana moperekezedwa ndi asilikali. A enjenyeru amene anajambula pulanu anatsala ku Tete. Pondipatsa mapepala anati: "Khoma likapindika tidzaligwetsa n'kumanganso. Dothi likatsika phiri silikweranso."

Malo omangapo anali otsetsereka. Kumunsi kwake kunali chitsime chimene mabanja othawa nkhondo m'midzi ya ku Macanga ankatungapo. Chikanakwiririka ndi matope, amayi akanayenera kupita kumtsinje, kuseri kwa malire amene asilikali ankalondera, kumene njira zinali ndi mabomba okwirira pansi.

Pulanu inalamula kuti tiyambe ndi madzi, maziko pambuyo. Ndi a Fabiao, kapitawo wa antchito, tinayeza kutsetsereka kwa malowo ndi mangera, kapaipi koonekera mkati kothiramo madzi, n'kukhoma zikhomo ndi kukoka chingwe. Tinakumba ngalande kumtunda yopatutsa madzi a m'phiri, ndi kuyalamo miyala mopingasa kuti madzi azifooka. Kumunsi tinakumba dzenje loti matope azikhazikikamo. Dothi lapamwamba tinaliunjika padera n'kulifunditsa mapesi. Pakati pa dzenjelo ndi chitsime panali udzu wautali, ndipo pulanu inanena momveka kuti usakhudzidwe, pakuti mizu yake ndiyo inali chotchinga chomaliza.

M'mawa wina, mvula yoyamba ili pafupi, ndinapeza antchito anga onse ali mu udzuwo ndi makasu. Mbali yaikulu ya kumtunda inali kale dothi lofiira lopanda udzu ngati bwalo.

"A Fabiao, wakutumani ndani?"

"A kumandanti, mayi. Ati udzu wonse wozungulira pano uchoke lero. Nanga ife tikane mfuti?"

"Anati muchite kupala ndi makasu?"

"Anati tilambule. Ife tikamalambula timatero."

Ananena zoona. Antchitowo anali alimi a chimanga ndi kachewere, ndipo kwa mlimi malo olambulidwa bwino ndi opanda muzu ndi umodzi womwe. Ndinawauza kuti aike makasu pansi. Anandimvera monyinyirika, maso ali kumsasa wa asilikali. Ndinatenga pulanu n'kupita komweko.

A kumandanti, mkulu wa asilikaliwo, sanafune ngakhale kuyang'ana pepalalo. "Kamarada, pepala lanulo silinaonepo munthu akukwawa mu udzu. Ine ndinamuona."

Sindinawatsutse, chifukwa mantha awo anali ndi maziko. Ndinangowapempha mwaulemu kuti titsikire limodzi kuchitsime. Tinapeza amayi ali pamzere ndi zidebe. Ndinawasonyeza njira imene madzi adzadzere kuchokera podothi lopalidwalo, kenako ndinafunsa kuti chitsime chikakwiririka, amayiwa adzawaperekeza ndani kumtsinje tsiku ndi tsiku, ndipo asilikali angati adzachoka pamalo awo chifukwa cha zimenezo. A kumandanti analoza kumsasa, nati:

"Ndikufuna kuona kuchokera kumsasa mpaka pano. Udzu usapitirire kakolo. Zina zonse ndi zanu."

Tinasiya makasu n'kutenga zikwakwa. Udzu wotsala tinaumweta mfupi, mizu ili m'nthaka. Pamalo opalidwa kale sindinadziwe chochita, pakuti pulanu sinanenepo kanthu. A Fabiao ndiwo anati tiunde mizere yopingasa phiri monga amachitira m'minda ya kachewere. Ndinayeza ndi mangera kuti mizereyo isapendekere mbali imodzi, ndipo udzu womwetedwa tinaumanga mitolo n'kuukhomerera ndi zikhomo kuseri kwa mzere uliwonse. Palibe amene anapuma masana amenewo. Amayi ena anasiya zidebe n'kuyamba kututa miyala.

Mvula inagwa tisanamalize mzere wotsiriza. Ndinaima pambali pa dzenje ndikuona likudzaza madzi ofiira. Mzere umodzi unaphulika pakati, matope natsetsereka mpaka mu udzu womwetedwa uja, ndipo ambiri anaima pomwepo. Madzi a m'chitsime anakhala ofiirira masiku awiri. Amayi anawasefa ndi nsalu, akundiyang'ana mosakondwa, koma palibe anapita kumtsinje. Matope a m'dzenje tinawachotsa ndi makarinyu, ndiwo mawilibala, m'mawa mwake, ndipo tinatero ikagwa mvula iliyonse mpaka denga linakhomedwa.

Cholakwa cha tsiku limenelo sindichiika pa a kumandanti kapena pa antchito. Chinali changa. Pulanu ndinaidziwa ine ndi a Fabiao basi, ndipo ndinkaganiza kuti cholembedwa chimadziteteza chokha. Kuyambira pamenepo, pa ntchito iliyonse imene ndayang'anira, sindilola khasu kukhudza nthaka ndisanayende malo onse ndi aliyense amene angathe kulamula pamalopo, ndi antchito omwe. Ndimawasonyeza ndi dzanja kumene madzi adzadzere, chimene sichiyenera kuchotsedwa, ndi anthu amene akukhala kumunsi.