Loko wa Kuchipinda cha Kuseri

Anthu a ku Zingwangwa amene amakumbukira kaseti ija amafotokoza nkhani yake m'njira ziwiri, ndipo njira zonse ziwirizo n'zabodza. Ine ndidalipo. Nyumba idali yanga, ndipo loko amene amaimbidwa m'nyimbomo ndidagula ndine m'sitolo ya mmwenye ku Limbe. Ndilemba zimene zidachitika kuti wofuna kupitiriza kunama azinama akudziwa.

Kasetiyo idatuluka patapita chaka ndi miyezi chichitikireni chisankho choyamba cha zipani zambiri. Mwini wake sindimutchula dzina, pakuti adatchuka mokwanira popanda thandizo langa. Adasonkhanitsa nyimbo zake zimene anthu adazikonda kwambiri pa zaka zonse za kuimba kwake, nazijambulanso pa chimbale chimodzi. Pachikuto adavala suti yoyera ndi magalasi akuda ngati munthu wodwala maso. Magitala akale aja adawachotsa, n'kuikapo kiyibodi imene ng'oma zake zinkagunda mofanana kuyambira nyimbo yoyamba mpaka yomaliza, monga chigayo cha dizilo. Komabe anthu adailandira. Inkalira m'minibasi, kometera tsitsi, ndi pamabenchi a mavenda amene ankaijambula pa makaseti otchipa. Masiku amenewo aliyense adali atangomasulidwa pakamwa, ndipo munthu amene sakadatha kusiyanitsa gitala ndi banjo adali ndi chiweruzo chake pa nyimbo iliyonse.

Zonsezi sindikadasamala nazo, pakuti munthu wopuma ntchito ya ukalaliki sasowa tulo chifukwa cha kiyibodi. Chidandikhudza ndi nyimbo yachitatu ya mbali yoyamba, yonena za mayi wa loko, chifukwa mayi ameneyo adali mkazi wanga.

Woimbayu adabwera kwathu asadatchuke, nthawi ya chipani chimodzi, akuchokera cha ku Mulanje ndi gitala ndi bulangete basi. Azakhali ake ankapemphera ndi mkazi wanga, ndipo n'chifukwa chake tidampatsa chipinda cha kuseri kwa nyumba. Loweruka lina adauzidwa kuti akaimbe pa msonkhano wa chipani, koma sadapite. Pambuyo pake iye wakhala akuuza anthu kuti adakana mwadala. Sadakane ayi. Adapita kukaimba pa ukwati ku Machinjiri, kumene adamulonjeza nkhuku ndi mowa, ndipo za msonkhanowo adangoiwala.

Lolemba m'mawa mkazi wanga ali pamsika adamva anyamata a chipani akufunsa kumene kumakhala woimba gitala uja. Adasiya dengu lake kwa mayi wogulitsa tomato, nathamangira kunyumba podzera njira ya kumadimba. Adampeza mnyamatayo akusamba m'maso pakhomo. Adamukankhira m'chipinda, natseka chitseko, nakoloweka loko kunja.

Amene sadakhalepo m'nyumba za lendi sangamvetse nzeru imeneyi. M'makomboni mwathu loko wopachikidwa kunja amayankha yekha mlendo kuti mulibe munthu, ndipo palibe amene amagogoda pa chitseko chotero. Anyamata aja atafika masana adayang'ana lokoyo, nafunsa mkazi wanga amene adali akuchapa pafupi pomwepo. Iye adawauza kuti mnyamatayo adapita kwawo kumudzi kumaliro. Mkazi wanga adali asadanamepo chiyambire kumudziwa ine, ndipo bodza limeneli lidamuwawa mpaka imfa yake.

Adamusunga motero masiku anayi. Chakudya ankamupatsira pa kawindo ka kuseri, ndipo ndowa imene mnyamatayo ankadzithandiziramo ankakataya yekha. Tsiku lililonse ankachapa pakhomo pomwepo, ngakhale zovala zoyera kale, kuti aone aliyense wobwera. Ndiyenera kuvomereza kuti ine ndidachita mantha. Ndidamuuza tsiku lachiwiri kuti atsegule, mnyamatayo akadzionere yekha, pakuti ndikadatha kuchotsedwa ntchito kapena kuona zoposa pamenepo. Adandiyankha kuti mwanayo adamulandira m'manja mwa azakhali ake, ndipo adzamubweza m'manja momwemo. Tsiku lachisanu adamukweza lole ya malasha, ndipo patapita miyezi nkhaniyo idazilala.

Nyimbo ija idamveka pa wayilesi patapita zaka ziwiri, ndipo idali ndi ndime zitatu. M'ndime yoyamba woimbayo amadandaula kuti mayi wina wamutsekera ndipo sakuona dzuwa. M'ndime yachiwiri amati walira, wagogoda, koma mayiyo wamanga makiyi pa mpango wake ndipo sakumva. Ndime yachitatu ndiyo mwini nkhani. M'menemo amati mwanapiye wotsekeredwa m'khola kabawi adangomuzungulira n'kubwerera, ndipo amathokoza mayiyo katatu. Adaiimba mophiphiritsa chifukwa cha nthawiyo, koma ife tidamva. Ndidaijambula pa wayilesi yanga tsiku lina Lamulungu, ndipo mkazi wanga ataimva adangoti mwanayo ali ndi ulemu, napitiriza kusankha nyemba.

Pa kaseti yatsopano ija ndime yachitatu mudalibe. Ikatha ndime yachiwiri, kolasi inkabwerezedwa kanayi, mawu n'kumachepa mpaka kuzimirira. Poyamba ndidaganiza kuti ndi mavenda amene adaidula pojambula, choncho ndidakwera minibasi kukagula yeniyeni ku Limbe. Idali chimodzimodzi. Sabata yomweyo nyuzipepala ina, mwa zija zinkangomera ngati bowa, idalemba kuti woimbayo waulula tanthauzo la nyimboyo, kuti mayi wa loko adali boma lakale limene lidatsekera dziko lonse. Pamenepo ndidamvetsa chifukwa chodulira. Munthu amene akudzitcha womenyera ufulu sangaimbe zikomo katatu kwa boma lakale.

Limenelo ndilo bodza loyamba, ndipo ophunzira ndiwo adalikonda. Tsiku lina m'minibasi mnyamata wina wa tayi ankafotokozera anzake kuti makiyi a pa mpango akuimira makadi a chipani. Ndidamuuza mwaulemu kuti makiyiwo adali makiyi, ndipo mpangowo udali wobiriwira.

"Madala, izi ndi za ndale," adatero. "Inu munazolowera kuombera m'manja, simungazimve."

Ndidamufunsa kumene adali iye chaka chimene nyimboyo inkapekedwa. Kondakitala adayankha m'malo mwake kuti adali kumbuyo kwa amake, ndipo anthu adaseka, koma adatiseka tonse awiri. Woyendetsa adakweza wayilesi.

Bodza lachiwiri lidali loipa koposa, chifukwa lidamera pakhomo pathu. Akuluakulu ena ankakumbukira kuti woimbayo adakhalapo kwathu, koma za masiku anayi aja palibe ankadziwa, pakuti mkazi wanga adandilumbiritsa kuti ndisadzauze munthu. Choncho adalumikiza okha nkhani yoti iye adali mwini nyumba wouma mtima amene ankatsekera anthu a lendi ngati mbuzi. Ena ankati adachita zimenezi chifukwa chodana ndi phokoso la gitala, ena ankati adali kazitape wa chipani. Akamadutsa pamsika, wogulitsa makaseti ankaika dala nyimbo yomweyo.

Mkazi wanga ankasunga makiyi a chipinda cha amayi kumpingo kwathu, mmene munkakhala mapoto aakulu, mbale ndi mabeseni ogwiritsa ntchito pa maliro ndi pa maukwati. Adasunga makiyiwo zaka zoposa khumi ndi zisanu, ndipo ngakhale chikombe chimodzi sichidasowepo. Udindo umenewu adaunyadira kuposa china chilichonse. Lachinayi lina pa msonkhano wa amayi, mayi wina wachitsikana, amene mwamuna wake adali atangokwera m'chipani china chatsopano, adapempha mapoto kuti akaphikire anthu pa msonkhano wa ndale. Mkazi wanga adakana, nati mapotowo ndi a maliro ndi maukwati, ndipo maliro sapangana tsiku. Mayi uja sadatsutse. Adangoyamba kuimba kolasi ija chapansipansi, ndipo amayi angapo adaphimba pakamwa ndi nsalu akuseka. Mkazi wanga adamasula makiyi pa mpango, nawaika patebulo, nabwera kunyumba. Lamulungu lotsatira adakhala benchi ya kumbuyo, ndipo Lachinayi sadapitenso.

Ndidalemba kalata ku pulogalamu ya pa wayilesi imene inkawerenga maganizo a omvera pa nyimbo. Idali ya masamba atatu, yolembedwa bwino, yopanda cholakwa ngakhale chimodzi. Sadaiwerenge. Adawerenga ya munthu wina wa ku Bangwe amene adati kasetiyo ndi yabooo, napereka moni kwa anzake khumi ndi awiri.

Kenaka ndidamva kuti woimbayo adzakhala pa holo ina m'tauni Loweruka masana, ndipo ndidapita. Adandizindikira msanga, nandigwira dzanja ndi manja awiri, nanditcha bambo ake pamaso pa anthu. Ndidamutengera pambali ndi kumufunsa kumene idapita ndime yachitatu.

"Kaseti ili ndi malire, bambo," adatero. "Nyimbo zinachuluka. Ndiponso anthu masiku ano akufuna zovina."

Ndidamuuza kuti malo obwerezera kolasi kanayi adapezeka. Ndidamuuzanso zimene zidachitikira mayi amene adamutayira ndowa masiku anayi. Adayang'ana pansi pang'ono, nati adzakonza pa chimbale chotsatira. Kenaka adatenga kaseti imodzi m'katoni, nandipatsa kuti ndikapereke kwa amayi pamodzi ndi moni. Pa chimbale chotsatira sadakonze kanthu, ndipo ku Zingwangwa sadapondeko.

Nditaona kuti zonse zakanika, ndidachita chimene ndikudziwa tsopano kuti ndikadayamba ndafunsa. Lachinayi lina, mkazi wanga ali ku dimba, ndidagula mabatire anayi, ndidanyamula wayilesi yanga ndi kaseti yakale imene ndidajambulapo nyimboyo Lamulungu lija, n'kupita kumsonkhano wa amayi. Mwamuna salowa mumsonkhano umenewo, choncho ndidaima pakhomo mpaka amayi apampando adatuluka. Adali munthu wachikulire amene tidadziwana kuyambira kale, ndipo adandilola mphindi zochepa. Ndidaika wayilesi patebulo pomwe mkazi wanga adasiya makiyi, ndipo ndidaliza nyimbo yonse. Tepiyo idali yakale, mawu ankanjenjemera, koma zikomo zitatu zija zidamveka bwinobwino. Ndidafotokoza za anyamata a chipani, za loko wa kunja, za kawindo, za ndowa, ndi za bodza la maliro a kumudzi. Palibe adaseka. Mayi wachitsikana uja adangoti iye amaimba zimene wamva pa kaseti, ndipo ndidamuyankha kuti ngakhale wayilesi yangayi imachita chimodzimodzi, koma ili ndi batani lozimitsira.

Loweruka amayi apampando adabwera kwathu ndi amayi ena atatu, makiyi atawakulunga m'kansalu. Mkazi wanga adawayalira mphasa, nawaphikira tiyi, namvetsera kupepesa kwawo mpaka kumapeto. Kenaka adati:

"Amayi, ana anu ndawaphikira pa maukwati awo, abale anu ndawasambitsa atamwalira. Zonsezo munaziona ndi maso. Ngati munafunika kaseti kuti mundidziwe, makiyiwo bwererani nawo."

Adamudandaulira nthawi yaitali, koma sadasinthe. Adawaperekeza mpaka pamsewu monga mwa ulemu wake. Atabwerako adandipeza ndili pakhonde, nandifunsa ngati ndidamupempha chilolezo. Ndidati ndidafuna kuyeretsa dzina lake. Iye adati dzina la wouma mtima akadatha kulisenza, popeza lidali labodza, koma tsopano mpingo wonse ukudziwa kuti iye adanamapo, ndipo chimenecho n'choona. Ndidayesa kumuonetsa kuti bodza lopulumutsa munthu silifanana ndi mabodza ena, ndipo ndidatchula azamba a ku Igupto. Adati Baibulo amalidziwa, ndipo sadandilankhule bwino sabata yathunthu.

Ku misonkhano ya Lachinayi adabwerera, koma ngati membala wamba, ndipo makiyi sadawagwirenso pa zaka zinayi zimene adakhalabe ndi moyo. Adaperekedwa kwa mayi wina amene sankatha kukana, ndipo chisanathe chaka mapoto awiri aakulu adapita ku misonkhano ya ndale osabwerako. Pa maliro a mkazi wanga amayi adachita kukabwereka mapoto ku mpingo wina, ndipo ine ndidaona. Woimba uja adauzidwa uthenga wa malirowo kudzera kwa azakhali ake, koma sadabwere.

Mpaka lero ndimakumana ndi anthu, ena a iwo aphunzitsi, amene amanena motsimikiza kuti kaseti ija ndiyo yabwino koposa mwa zonse za woimbayo, ndiponso kuti nyimbo ya loko ndi umboni wa kulimba mtima kwake. Ndimawafunsa kuti nyimboyo ili ndi ndime zingati. Onse amati ziwiri, ndipo ndimawauza kuti akhale pansi.