Belu la Bambo Eneya Sitima

Aliyense wokulira m'munsi mwa phiri la Michesi amalidziwa belu la mpingo wathu: limu ya lole yopachikidwa pa mtengo wa mbawa. Ankaliimba ndi bambo Eneya Sitima. Anayamba ali mnyamata ndipo anakalamba nalo. Kaya mvula igwe, kaya nandolo adikire kumunda, Lamulungu m'mawa iwo anali pamtengopo. Tinkawaseka kuti belulo ndiye mkazi wamkulu, mayi Aliness ndi wachiwiri. Iwo ankangoti, "Ine kulalikira sinditha. Ulaliki wanga ndi umenewu."

Kenako miyendo inayamba kutupa. Kamtunda kopita kutchalitchi kanawakanika, mpweya unkawathera panjira, tulo ankagona chokhala. Kuchipatala anawauza kuti mtima wawo wafooka.

Mawu amenewo anawapweteka kuposa matendawo. Iwo anamva ngati akuwanena kuti afooka m'chikhulupiriro. Anasiya kudya, anasiya kucheza, n'kumangoyang'ana khoma. Belu likalira m'manja mwa wina, misozi chuchuchu. Nditapita kukawazonda anandifunsa, "Akulu a mpingo, munthu wofooka mtima Mulungu angamutumenso chiyani?" Ndinawafotokozera kuti adokotala ankanena mtima wa mnofu, koma mawu anga anangopita ndi mphepo.

Anatitsegula maso ndi mayi Aliness. "Inu, mankhwala akumwa, mchere ndinawaletsa. Koma chikuwadya bambowa ndi belu."

Lamulungu lotsatira tinamasula limu ija, tinaikweza panjinga mpaka pakhomo pawo, n'kuipachika pa mtengo wa mango. Tinawatulutsa atakhala pampando. Anagwira kachitsulo kawo koimbira belu, n'kumenya. Abale inu, kulira kwake kunali kwapansipansi, ngakhale nkhuku sizinadzidzimuke. Koma anthu anabwera, bwalo linadzaza.

Bambo Eneya anatiyang'ana. "Kani akundimvabe," anatero. Tsiku limenelo anadya.

Kutupa sikunathe, phuma silinathe. Komabe dzinja lonse tinapemphera pansi pa mangowo, iwo akutiitana, mpaka masana ena anatisiya mwamtendere ali pampando womwewo.

Limu tinaibwezera ku mbawa. Amene akuliimba tsopano ngwamphamvu, belu limamveka kutali. Koma mayi Aliness akuti likalira amayamba ayang'ana ku mtengo wa mango. Inenso ndisaname: Lamulungu lililonse ndimatchera khutu, kufuna kaphokoso kaja kapansipansi.