Dzanja la Kochi

Mwana wanga Tadala atalowa timu ya besibo, mpira womenya ndi ndodo, ku Evington, kuno kwa azungu kumene tikukhala, anandiumiriza kuti ndimupangire khadi la chithunzi chake longa la osewera a ku America. Chithunzi chabwino chinali chimodzi chokha: iye ali kuseri kwa nyumba, ndodo yomenyera mpira ili m'manja, apongozi anga ochokera ku Zomba atamugwira paphewa. Nditadina pa pulogalamu yosinthira zithunzi pa foni, mabini a zinyalala anasanduka bwalo lalikulu, apongozi nawonso n'kuzimiririka. Sindibisa, ndinamva kukoma.

Makadi atasindikizidwa, Tadala anagawira anzake onse. Apongozi ndi amene anaona kuti paphewa patsala dzanja lopanda mwini wake.

"Bambo a Tadala, dzanja ili ndi la yani?"

M'malo mopepesa ndinati, "Ndi la kochi, amayi. Mzungu wina wake."

"Mzungu wakuda chonchi? Wavalanso mphete imene anandiveka malemu amuna anga?"

"Mphetezi zimafanana, amayi."

Loweruka lotsatira apongozi anavala jekete langa, n'kukaima pambali pa bwalo, kukalipira ana a eni m'Chichewa. Timu inawina. Mpaka lero makolo onse amawatcha kochi, ndipo wowanyamulira mpando ndine.